Chikoka: tanthauzo lake ndi mmene chimagwirira ntchito pakati pathu

Mawu oti chikoka timawamva m'malo osiyanasiyana. Wolengeza mpira pa wailesi amanena kuti masewero a Bullets ndi Wanderers ali ndi chikoka, kutanthauza kuti anthu akadzaza bwalo popanda wowaitanira. Pa nthawi ya kampeni timamva kuti uje ali ndi chikoka kwa Santhe kapena kwa Kaluluma, ndipo chipani chimene chamutenga chachita mwayi. Mumsika wa pa Kasungu, mayi akamagulitsa tomato wake n'kumatha dzuwa lisanafike paliwombo pamene oyandikana naye akuodzera, pamapezeka ena onong'ona kuti ali ndi mankhwala a chikoka. M'malo onsewa anthu akulowera mbali imodzi mwa kufuna kwawo, pamene akadatha kulowera kwina kapena kungokhala pakhomo. Tikamanena za anthu, chikoka ndi kuthekera kosintha zimene wina akuganiza kapena akuchita, winayo ali ndi ufulu wonse wokana. Ufulu wokanawo ukangochotsedwa, chimene chatsalacho chimafunika dzina lina, ngakhale kuti eni ake amakonda kumachitchulabe kuti chikoka.

Pali mawu ena oyandikana nawo amene sayenera kusakanizidwa. Kukopa ndi ntchito imene munthu amagwira mwadala pa nthawi inayake, monga wogulitsa mbewu akamakopa alimi, ndipo akhoza kukopa tsiku lonse osaphula kanthu. Kunyengerera kumasonyeza kuti winayo anayamba wakana ndipo akufewetsedwa pang'onopang'ono. Kutengeka ndi mbali ya womverayo, ndipo kawirikawiri timakutchula modzudzula, monga makolo akamadandaula kuti mwana watengeka ndi anzake a m'tauni. Chikoka sichochitika cha tsiku limodzi. Munthu amakhala nacho ngakhale ali chete, ndipo nthawi zina mwini wakeyo sadziwa n'komwe kuti anthu akumuyang'ana. N'chifukwa chakenso sizimveka bwino kunena kuti mvula ili ndi chikoka pa zokolola, pakuti chimanga sichisankha kumera kapena kukana. Mvula imakhudza zokolola basi. Koma mtengo wa soya ukakwera chaka chino, n'zomveka kunena kuti soya ali ndi chikoka, chifukwa chaka chamawa alimi ambiri adzachepetsa okha munda wa chimanga kapena wa fodya kuti amubzale.

Kusiyana kwakukulu kuli pakati pa chikoka ndi ulamuliro. Woweruza milandu, wapolisi wa pamsewu ndi mphunzitsi wamkulu ali ndi ulamuliro wochokera ku udindo, wolembedwa papepala, wokhala ndi malire ndiponso tsiku limene udzathe. Chikoka chilibe kalata. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limalola mafumu akuluakulu kukhala nawo pa misonkhano ya khonsolo, koma salola kuti aziponya nawo voti. Papepala, ndiye kuti Gogo Chalo ndi wongomvera chabe. Komabe aliyense amene anakhalapo pafupi ndi ntchito za chitukuko amadziwa kuti khansala sangakakamire malo omangapo sukulu kapena msika mafumu atagwedeza mutu, chifukwa malowo, anthu otuta mchenga ndi miyala, ngakhalenso mtendere wa ogwira ntchitoyo, zonse zimadzera kwa mafumu omwewo. Voti imatha kudutsa m'chipinda cha msonkhano, ntchito n'kukaima kumudzi.

Chitsanzo chooneka bwino kuposa ichi ndi cha Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Achewa, amene likulu lake lili ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia. Lamulo la mafumu la dziko lino la 1967 limapereka kwa mtsogoleri wa dziko mphamvu zovomereza, kukweza ndi kuchotsa mafumu, ndipo mswahala wawo umachokera ku boma la Malawi. Gawa Undi sangamange munthu wa ku Chulu kapena kudula mswahala wa mfumu ya kwa Wimbe. Komabe kumapeto kwa Ogasiti chaka ndi chaka mafumu a Achewa ochokera ku Kasungu, Mchinji, Dowa, Lilongwe ndi maboma ena amadutsa pa chipata cha Mwami kupita ku mwambo wa Kulamba, atanyamula mphatso, kukanena mmene madera awo alili, ndipo Gawa Undi akamadzudzula maukwati a ana kapena miyambo yosokoneza sukulu, mawu ake amabwerezedwa m'mabwalo a kuno. Palibe lamulo la Malawi limene limawatuma. Amapita chifukwa iwo eni, pamodzi ndi anthu awo, amamutenga kukhala kholo la ufumu wawo.

Kumudzi chikoka sichikhala nthawi zonse ndi amene waimirira kuti alankhule. Tiyerekeze kuti pagwa maliro, ndipo pabuka kusamvana pa nkhani yoti aike lero kapena adikire mwana wa malemu amene wanyamuka ku Johannesburg. Amuna akhala pansi pa mtengo, adzukulu akudandaula kuti manda anakumba kale, a mpingo akunena kuti mawa ali ndi mwambo wina, ndipo chimanga chodyetsa anamfedwa chikutha. Mwini mbumba akuimirira mwakachetechete, akuzungulira kuseri kwa siwa, akukanjuta pafupi ndi gogo wachikazi amene wakhala pamkeka atafunda chitenje kumutu. Gogoyo sakukweza mawu, akungoti, "Mwanayo aone nkhope ya mayi ake." Patapita kanthawi nyakwawa ikuimirira, ikupepesa mafumu ndi a mipingo, n'kulengeza kuti agwirizana zoti mwambo uchitike mawa. Mlendo amene wangofika akhoza kuganiza kuti nkhaniyo yagamulidwa pansi pa mtengo paja. Pakati pa Achewa, amene fuko limatsata kuchikazi, zoterezi si zachilendo, ndipo ngakhale posankha wolowa ufumu mawu a amayi akuluakulu a mbumba amalemera kwambiri, ngakhale kuti pa tsiku lolonga ufumu olankhula pabwalo ambiri amakhala amuna.

Funso lovuta ndi lakuti chikokacho chimachokera kuti. Ambiri amaganiza kuti ndi mphatso yobadwa nayo, monga mawu okoma, nkhope yosangalatsa kapena luso loseketsa anthu, ndipo n'zoona kuti zimenezi zimathandiza kuti anthu ayambe atchera khutu. Koma munthu yemweyo amene mawu ake amamveka kwa Njombwa akhoza kupita ku Mzuzu n'kulankhula tsiku lonse popanda womutsatira. Izi zikusonyeza kuti gawo lalikulu la chikoka lili mwa omverawo: zimene akukumbukira za munthuyo, zimene anawachitira pa njala kapena pa matenda, malonjezo amene anasunga, ndi mmene akumuonera kuti ndi mnzawo kapena wakunja. Iwo ndiwo amachipereka, ndipo akhoza kuchilanda popanda kuitanitsa msonkhano.

Katswiri wina wa ku America wa maphunziro a khalidwe la anthu, Herbert Kelman, analemba mu 1958 kuti munthu akasintha chifukwa cha mnzake, kusinthako kumatha kukhala kwa mitundu itatu yosiyana kuya kwake. Wina amangomvera chifukwa akufuna mphotho kapena akuopa chilango, ndipo woyang'anira akangochoka amabwerera ku zakale. Chimbudzi chokumbidwa poopa kulipa nkhuku kwa mfumu nthawi zambiri chimagwa osakonzedwanso. Wina amatsanzira chifukwa akufuna kufanana ndi munthu amene amamusirira, monga wachinyamata wovala ndi kulankhula ngati woimba wotchuka, ndipo kusinthako kumatha tsiku limene wasiya kumusirira. Wachitatu ndi amene wayeza nkhaniyo mumtima mwake n'kuivomereza kuti ndi yoona, kotero kuti amapitiriza ngakhale amene anamuphunzitsayo atasamuka kapena atamwalira. Mtundu woyambawo, kunena zoona, uli pamalire penipeni, ndipo nthawi zambiri suyenera n'komwe kutchedwa chikoka. Vuto ndi lakuti munthu woona patali sangasiyanitse itatuyi, chifukwa onse akuoneka akuchita chinthu chimodzi.

Mbiri ya Dr Hastings Kamuzu Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, imaonetsa bwino mmene zinthuzi zimalowererana. Atafika pa Chileka pa 6 Julaye 1958 analibe udindo uliwonse m'boma, analibe apolisi, ndipo pa misonkhano ankalankhula Chingerezi wina n'kumatanthauzira. Komabe anthu ankayenda mitunda italiitali kukamumvera, ndipo kumangidwa kwake pa 3 Malichi 1959 n'kukatsekeredwa ku Gweru, m'dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, kunangowonjezera kutchuka kwake. Chimenecho chinali chikoka chosakayikitsa, popeza womutsatira nthawi imeneyo ndiye amene ankaika moyo wake pachiswe. Patapita zaka zinthu zinatembenuka. Mu 1971 anakhala mtsogoleri wamuyaya, khadi la chipani linkafunsidwa polowa mumsika ndi pokwera basi, ndipo kusapita ku msonkhano kunkatha kumuika munthu m'mavuto. Makamu anali akadali aakulu, amayi ankavinabe, koma panalibenso njira yodziwira kuti ndi angati abwera mwa kufuna kwawo.

Yankho linapezeka pa 14 Juni 1993, pamene anthu anaponya voti mwachinsinsi posankha pakati pa nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, ndi tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi. M'dziko lonse anthu oposa 63 mwa 100 alionse anasankha nyali, koma chigawo chapakati chinasankha tambala, ndipo pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 Kasungu anaimabe ndi Kamuzu ngakhale kuti anagonja kwa Bakili Muluzi. Voti yachinsinsi inalekanitsa zinthu ziwiri zimene kwa zaka pafupifupi 30 zinkaoneka ngati chimodzi. Kumene anthu ankangoopa, khamu lija linamwazika tsiku limodzi, pamene kumene ankamukondadi, kaya chifukwa cha ubale, misewu, sukulu ya Kamuzu Academy ya ku Mtunthama imene inatsegulidwa mu 1981 kapena ntchito za m'maesiteti, chikokacho chinatsala. Ndi bwinonso kukumbukira kuti chimene chinayambitsa kusinthaku chinali kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Olembawo analibe asilikali kapena ndalama zogawa, ndipo boma litailetsa kalatayo anthu anapitiriza kupatsirana mobisa.

Pa ulimi ndi pamene nkhaniyi imaoneka tsiku ndi tsiku, ndipo ndi pamene mabungwe ambiri amalakwitsa. Mlangizi amabwera pa njinga yamoto, amasonkhanitsa kalabu, n'kufotokoza za kubzala mtedza m'mizere iwiri pamzere umodzi kapena za kubzala chimanga njere imodzi paphando, njira imene alimi amangoitchula kuti Sasakawa. Anthu amamvetsera mwaulemu, amaomba m'manja, ena amalembetsa mayina. Mvula ikagwa ambiri amabzala monga anabzalira chaka chatha. Chifukwa chake si umbuli. Mlimi wa ekala imodzi akalakwitsa, banja lake limagona ndi njala mu Januwale, pamene mlangizi malipiro ake sasintha. Amene amasintha maganizo a mlimiyo ndi mnzake wa munda woyandikana nawo. Podutsa m'mawa amaima pamalire, amawerenga ndi maso mmene mapesi atalikirana, amazula tsinde limodzi la mtedza mwini wake atamulola n'kusasa dothi kuti aone kuchuluka kwa makoko, kenako amafunsa kuti, "Achimwene, mbewuyi munathira zingati, nanga kupalira sikunakuvuteni?" Mnzakeyo dothi lake ndi lomwelo, khasu lake ndi lomwelo, ndipo alibe chimene angapindule pomunamiza.

Kafukufuku wina amene anachitika m'midzi 200 ya m'maboma a Nkhotakota, Machinga ndi Mwanza, n'kufalitsidwa mu 2021, anayesa mmene njira yobzala chimanga m'maenje imafalikira. M'mudzi uliwonse ankaphunzitsa alimi awiri okha, koma njira yowasankhira inali yosiyana. Zotsatira zinasonyeza kuti njirayo inkafalikira bwino pamene ophunzitsidwawo anali anthu olumikizana ndi anzawo ambiri m'mudzimo, ndiponso kuti alimi ambiri sasintha atangomva kwa munthu mmodzi, amafuna aone kapena amve kwa anthu angapo. Ichi ndi chifukwa chake kusankha mlimi wachitsanzo pongoona kuti ali ndi ngolo, nyumba ya malata ndi mwana ku yunivesite sikupindula kwenikweni. Anthu amamulemekeza, koma mumtima amati zake zimatheka chifukwa ali ndi ndalama.

Wailesi imagwira ntchito mwa njira yofananayo. Katswiri wina, Paul Lazarsfeld, ndi anzake atafufuza za chisankho cha mu 1940 m'dera la Erie ku Ohio m'dziko la America, anapeza kuti nyuzipepala ndi wailesi sizinkasintha anthu ambiri mwachindunji, koma uthenga unkayamba wafika kwa anthu ochepa okonda kutsatira nkhani, amene kenako ankaufotokozera anzawo. Kuno kwathu nkhani imene yamveka pa MBC kapena pa Zodiak m'mawa imakatafunidwa pa bawo, pa chigayo, pa mjigo ndi m'minibasi yopita ku Chinkhoma, ndipo pamapeto pake chimene anthu amakhulupirira ndi mmene waimasulira munthu amene amamudalira. Foni yawonjezera liwiro koma sinasinthe maziko ake. Uthenga wa pa WhatsApp umakhulupiriridwa chifukwa cha amene wautumiza, kaya ndi mlamu, mkulu wa mpingo kapena mwana wophunzira wa m'banjamo, ndipo amene anaulemba poyamba sadziwika n'komwe. Katemera wa Covid-19 atafika mu Malichi 2021, atsogoleri a dziko anabayitsa poyera kuti apereke chitsanzo, koma mphekesera zinali zitafika kale m'mafoni a anthu kudzera mwa abale awo, ndipo mu Meyi chaka chomwecho boma linatentha katemera 19,610 amene masiku ake anali atatha asanagwiritsidwe ntchito. Kuchuluka kwa otsatira munthu pa Facebook kapena pa TikTok kumangosonyeza kuti anthu amafuna kumuona, mwina kuti aseke kapena amutukwane. Kuti ali ndi chikoka zimadziwika pokhapokha akawauza kuti achite chinthu chimene chiwatayitse nthawi kapena ndalama, iwo n'kuchitadi.

Pali zinthu zingapo zimene zimabisala m'dzina la chikoka. Mlimi wa fodya amene watenga feteleza, mbewu ndi chimanga pangongole ku kampani, monga zakhalira chiyambire ulimi wa kontirakiti mu 2012, amatsatira malangizo a kampaniyo chifukwa anasaina ndipo ngongole idzadulidwa pogulitsa. Umenewo ndi mgwirizano wa malonda, wabwino kapena woipa malinga ndi mfundo zake, ndipo suyenera kuwerengedwa ngati umboni woti alimi amaikonda kampaniyo. Palinso chikoka chobwereka, chimene akale anachiona ponena kuti galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Dalaivala wa bwana, mlamu wa phungu kapena mlembi wa mfumu amamveredwa chifukwa anthu akuganiza kuti mawu awo akafika kwa mwini udindo. Pamenepa m'pamene katangale amayambira, munthu akayamba kugulitsa kuyandikira kwakeko, n'kumalandira kangachepe kuti akalankhulire wina pa nkhani ya malo, ntchito kapena dzina pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo. Wolandira thandizolo amati wakutiwakuti ali ndi chikoka ku ofesi, koma chimene chachitika ndi chakuti udindo wa anthu onse wagwiritsidwa ntchito pokomera mmodzi, ndipo amene analibe womudziwa wachotsedwa pamzere. Lamulo lolimbana ndi ziphuphu la 1995, limene linakhazikitsa bungwe la ACB, linalembedwa pofuna kuthana ndi zoterezi.

Pa ndale malirewo ndi ovuta kwambiri kuwajambula. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa woimira chisankho kapena chipani kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, ndipo wophwanya akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Maganizo a lamuloli ndi omveka: voti yogulidwa ndi sopo kapena ndi ndalama ya m'manja siichokera pa kukhutira ndi mfundo, ndipo khamu lobwera pa lole litalonjezedwa ya chakudya silinena chilichonse za chikoka cha wolankhulayo. Ovota ambiri anazindikira kale kuti m'chipinda chovotera salowamo awiri, choncho amalandira kwa onse n'kukasankha amene akumufuna, ndipo ndi chifukwa chake aphungu ambiri amene amagawa kwambiri amadabwa tsiku lowerenga mavoti.

Komabe m'mudzi wa ku Kasungu munthu wopeza bwino amene safika pamaliro, sapereka chipepeso ndipo galimoto yake sinanyamulepo wodwala usiku, sangamveredwe ngakhale atakhala ndi mfundo zabwino chotani, chifukwa anthu amaona kuti sali nawo limodzi. Bokosi la maliro logulidwa ndi munthu amene wakhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri, asanaganize n'komwe zoima pa chisankho, limawerengedwa ngati umunthu, ndipo chikoka chimene amapeza nacho n'chovuta kuchitsutsa. Bokosi lomwelo likagulidwa miyezi itatu chisankho chisanachitike, dzina la wogulayo n'kulengezedwa kawiri pa mwambo, ndiponso nsalu za chipani zitayalidwa pagalimoto, anamfedwa amathokoza ndithu, koma onse okhala pansi pa mtengo amadziwa kuti abwera kudzagula chiyani. Khoti lingavutike kusiyanitsa mabokosi awiriwo pogwiritsa ntchito lisiti, pamene anthu a m'mudzimo amawasiyanitsa mosavuta pokumbukira kuti munthuyo anali kuti zaka zinayi zapitazo.